Mwana wanga akufuna ntchito ya magetsi a m'mabwalo a masewera

Funso: Mnyamata wanga ali Fomu 4. Amaonera basiketibo ya makoleji a ku America pa foni, koma m'malo mokamba za osewera amangokamba za nyale za m'bwalo. Akuti akufuna ntchito younikira mabwalo kuti masewera azioneka bwino pa TV. Kodi imeneyi ndi ntchito yoti munthu n'kudyera?

Yankho: Mayi, ntchitoyo ilipo ndithu. Ku America mpikisano wa makoleji wotchedwa March Madness wakhala ukuonetsedwa pa TV ya CBS kuyambira 1982, ndipo bungwe loyendetsa masewerawa, NCAA, lili ndi muyezo wa kuwala umene bwalo liyenera kufikira ngati masewera ake akupita pa TV. Kampani ngati Musco Lighting ya ku Iowa ntchito yake ndi imeneyi.

Vuto ndi loti kamera imagwira zimene diso limaphonya. Nyale zakale za metal halide zimaphethira. Magetsi a ku America amayenda pa 60Hz, kutanthauza kuti amapita ndi kubwerera ka 60 pa sekondi, ndiye kuwala kumakwera ndi kutsika ka 120 pa sekondi. Kwathu kuno ndi 50Hz, ka 100. Wokhala m'bwalo saona kanthu, koma a pa TV akamabwereza pang'onopang'ono wosewera akuponya mpira, kamera imakhala ikujambula zithunzi mazana pa sekondi, ndipo chithunzi chimatuluka chowala apa, chakuda apo. Nyalezi zikazima siziyakanso msanga, zimafuna zizizire kaye. N'chifukwa chake mabwalo ambiri asinthira ku LED, ngakhale LED yotchipa nayonso imaphethira.

Pansi pa bwalo la basiketibo pali matabwa a maple opakidwa vanishi, onyezimira ngati galasi. Nyale ikalunjika molakwika, kamera imajambula kunyezimirako m'malo mwa mizere ya bwalo. Kuwala kukangochokera pamwamba, nkhope za osewera zimada ndipo nambala ya pa jezi siwerengeka. Ukatsitsa nyale kwambiri kuti ziwale kuchokera m'mbali, wosewera akakweza maso kuyang'ana ring'i amathobwa. Kulinganiza zonsezi ndi masamu a ngodya ndi mita yoyezera kuwala m'manja.

Kunena zoona, kuno ntchito yoyang'ana mabwalo okha ndi yochepa. Tili ndi Bingu National Stadium ndi Griffin Saenda Sports Complex ku Lilongwe, koma si malo olemba anthu chaka chilichonse. Choncho asadzitsekere pakhomo limodzi. Alimbikire Physics ndi Masamu pa MSCE. Akakhoza bwino, afunsire Electrical Engineering ku MUBAS. Zikapanda kutero, maphunziro a Electrical Installation m'makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA ndi poyambira pabwino, ndipo satifiketiyo imadyetsa ngakhale kulibe masewera.

Mbali ya kamera aiphunzire pogwira. Pa holide apemphe kunyamula zingwe kwa anthu ojambula maukwati, makonsati kapena mapemphero a pa TV, aone mmene amasinthira white balance, yomwe imathandiza kamera kuona choyera ngati choyera, nyale zikasiyana mtundu. Ayesenso izi kunyumba: ajambule babu la pabalaza ndi slow motion ya pa foni, kenako babu la mtundu wina, afotokoze chifukwa chake lina likuphethira kwambiri. Akamakufotokozerani mpaka inu kutopa, musamuletse, mumugulire multimeter, kachipangizo koyezera magetsi.