Kuwala kulowe, maso a anthu atsale panja

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene wangosamukira m'nyumba ya lendi ku Area 25 mu Lilongwe. Akuti zenera la kuchipinda kwawo lili m'mphepete mwa kanjira kopita kumpopi, pomwe la pabalaza layang'anizana ndi khomo la aneba. Anagula makatani ochindikala abuluu pa kaunjika n'kupachika paliponse, koma tsopano m'nyumba muli bii ngati m'nkhokwe, moti amayatsa magetsi dzuwa likuswa mtengo. Akufunsa kuti achite bwanji kuti kuwala kuzilowa koma odutsa asamaone m'kati.

Amayi, zikomo polemba. Ndiyambe ndi manyazi anga.

Nditangoyamba kukhala pandekha ku Chilomoni, ndinapachika nsalu ya lesi yokhayokha pazenera la pabalaza. Masana ndinatuluka, n'kuima panjira, n'kusuzumira: sindinaone kanthu. Mtima unakhala pansi. Patapita milungu iwiri, mayi a nyumba yoyandikana nayo anandiitanira kuseri, mawu atatsitsa: "Achemwali, musakhumudwetu. Usiku mukayatsa magetsi timakuonani bwinobwino, ngakhale ndiwo zimene mukudya." Ndinangoti kakasi. Tsiku limenelo ndiwo zake zinali bonya.

Nsalu ya lesi imabisa chifukwa kunja kwawala kuposa m'kati, ndipo diso la munthu limakokedwa ndi mbali yowalayo. Dzuwa likalowa inu n'kuyatsa getsi, zinthu zimatembenuka: inu simuona kunja, koma wa kunja amakuonani ngati kanema. Tinti wonyezimira ngati kalilole uja, amene ena amamata pamagalasi, amachitanso chimodzimodzi. Ogulitsa ambiri sanena zimenezi.

Ndiye vuto lanu lili pawiri, la masana ndi la usiku, ndipo nsalu imodzi singathetse onse awiri. Mufunika mizere iwiri pazenera limodzi. Kufupi ndi galasi kukhale nsalu yopyapyala yoyera kapena ya mtundu wa mkaka, yotsekedwa tsiku lonse. Kutsogolo kwake kukhale makatani ochindikala otseka madzulo musanayatse magetsi, osati mutayatsa kale. Abuluu anuwo musataye, ntchito yawo ndi imeneyi. Chimene akusowa ndi pothawira masana. Ndodo kapena waya wopachikapo upitirire zenera ndi masentimita 15 kapena 20 mbali zonse ziwiri, kuti mukawakankhira m'mbali azikhala pakhoma, osaphimba galasi. Ambiri timakhoma misomali pakona penipeni pa felemu, kenaka n'kumadabwa kuti gawo lalikulu la zenera ladyedwa ndi nsalu.

Zenera la kukanjira lija ndilo landiganizitsa kwambiri, chifukwa anthu opita kumpopi amayenda pang'onopang'ono, ena amaima n'kumacheza, zidebe zili pamutu. Yezani pamene pamafika maso a munthu wamtali ataima panjirapo. Nthawi zambiri n'theka la m'munsi lokha limene likufunika kubisa. Mangani waya pakati pa zenera, mupachikepo kansalu kosaonekera, ngakhale chitenje chowala, theka la m'mwamba mulisiye. Kuwala kolowera m'mwamba ndiko kumafika patali m'chipinda. Njira ina ndi pepala lapulasitiki lomata pagalasi, lochititsa galasi kuoneka ngati la kubafa. Limeneli limabisa usana ndi usiku, kungoti munthu wa m'nyumba akayandikira kwambiri galasilo chithunzithunzi chake chimaoneka. Pezani lija logwira ndi madzi, lopanda guluu, ndipo muyambe mwawauza eni nyumba. Nkhani za dipoziti mukuzidziwa.

Musanawononge ndalama, taonani kumene zenera lililonse layang'ana. La kuzambwe ndilo lovuta: mu Okutobala dzuwa la masana limalowa molunjika, chipinda chimasanduka uvuni, nsalu n'kumasuluka. Pamenepo mpofunika makatani okhala ndi nsalu yoyera kumbuyo kwake, yoti izibweza dzuwa, chifukwa nsalu yakuda imamwa kutentha n'kukutulutsira m'nyumba momwemo. Ngati pali khonde, kupachika mphasa kunja kumathandiza kuposa katani iliyonse ya m'kati, poti dzuwa limatchingidwa lisanafike pagalasi. La kumpoto ndi chuma: dziko lathu lili kumwera kwa equator, mzere uja wogawa dziko lapansi pakati, choncho mu Juni ndi Julayi dzuwa limadzera chakumpoto, ndipo zenera limenelo ndilo limafunditsa nyumba nthawi yozizira. Musalitseke masana. La kumwera silivuta, nsalu yopepuka ikwana.

Mukapita kwa atelala, musalole kuti akusokereni nsalu yofanana ndendende ndi zenera. Lesi wokokedwa kuti gwa amaonetsa m'kati ngakhale masana. Mapindo ake ndiwo amasokoneza diso. Ngati zenera ndi lotambalala mita 1 ndi theka, gulani mamita 3. Ndipo nsalu ya thonje muyambe mwaichapa musanaipereke, chifukwa imafupika. Ine ndili ndi makatani awiri a chitenje amene anathawa pansi atangochapidwa koyamba, mpaka lero amalendewera ngati buluku la mwana wasukulu amene wakula msanga.

Munafunsanso za ma blinds a timizere aja a m'maofesi. Ubwino wake mumatha kuwapendeketsa kuti kuwala kupite kudenga, odutsa osaona kanthu. Koma pafupi ndi njira yafumbi, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, muzipukuta kamzere kalikonse pakokha, ndipo mphepo ikamaomba amangoti phwaphwaphwa pazitsulo za pazenera. Zingwe zake n'zoopsanso kwa mwana wokwawa kapena woyamba kuyenda, amatha kudzikola nazo pakhosi. Ine kunyumba ya lendi sindingagule.

Chinthu china chimene sitichiganizira: magetsi akazima timakonda kuika kandulo pazenera. Nsalu zambiri za lesi n'zanayiloni kapena poliyesita, zimasungunuka msanga komanso zimatha kuyaka, ndipo kamphepo kochepa kakwana kuzifikitsa pamoto. Kandulo ikhale patebulo, pakati pa chipinda.

Madzulo ano, kukada, yatsani magetsi onse, mutseke makatani monga mwa masiku onse, muuze mwana aime pakati pa chipinda akweze manja. Inu mutuluke, muyende kanjira kaja kuchokera kumpopi, kenaka mukaime pakhomo la aneba ngati mwabwera kudzapempha mchere. Muonetsetse pamene makatani awiri amakumana pakati, ndiponso m'mbali mwa khoma; mipata imakonda kubisala pamenepo, ndipo kawirikawiri mapini awiri a zovala amakwana kuitseka.