Kodi chihema chokomanako chili ndi phindu lanji kwa Mkhristu?

Mlongo wanga mwa Ambuye, mwafunsa ngati Mkhristu angatolepo kanthu pa nkhani ya chihema chokomanako, popeza mbali yaikulu ya Eksodo 25 mpaka 40 ndi miyeso, nsalu ndi zikhomo zokhazokha, ndipo mwatinso munamva mlaliki wina akupereka tanthauzo lauzimu pa ulusi wa mtundu uliwonse.

Cholinga cha chihemacho Mulungu anachinena yekha pa Eksodo 25:8, kuti anafuna malo opatulika oti akhale pakati pa anthu ake. Aisraele ankagona m'mahema m'chipululu, ndipo Iye sanafune nyumba yamiyala yoti anthu aziilondola, koma hema loima pakati pa msasa, limene Alevi ankalizula ndi kulisenza mtambo ukanyamuka. Nchifukwa chake Yohane 1:14, ponena kuti Mawu anasandulika thupi nakhala pakati pathu, agwiritsa ntchito liwu la Chigiriki lotanthauza kumanga hema.

Komabe Mulungu amene anali pafupi choteroyo sankafikika wamba, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Bwalo linali mikono 100 m'litali ndi mikono 50 m'lifupi, ndipo chipata chinali chimodzi chokha, chakum'mawa. Mwisraele wobwera ndi nkhosa yake ankasanjika dzanja pamutu pake, nkuipha pafupi ndi guwa lamkuwa, ulendo wake nkuthera pomwepo. Ansembe okha ndiwo ankapitirira, atasamba m'manja ndi mapazi m'beseni lamkuwa, limene (anthu ambiri sazindikira izi) linasulidwa ndi akalirole a amayi otumikira pakhomo la chihema. Mkatimo munali choikapo nyale 7, tebulo la mikate 12 ndi guwa lofukizirapo lubani. Kuseri kwa nsalu yotchinga, kumene kunali likasa la chipangano, kunkalowa mkulu wa ansembe yekha, tsiku limodzi pachaka, atanyamula magazi otetezera machimo ake omwe ndi a anthu onse.

Taonaninso kuti pa ziwiya zonsezi panalibe mpando wa wansembe. Ahebri 10:11-12 akuti wansembe ankaimirira tsiku ndi tsiku kupereka nsembe zomwezomwezo zosatha kuchotsa machimo, pamene Khristu, atapereka nsembe imodzi yokha, anakhala pansi kudzanja lamanja la Mulungu. Nsalu imene inang'ambika kuchokera kumwamba mpaka pansi Yesu atamwalira, monga awerengera Mateyu 27:51, inali ya m'kachisi wa ku Yerusalemu, osati ya chihema cha Mose, koma ntchito yake inali yomweyo, kutsekereza munthu wochimwa. Munthu amene sanaime m'maganizo mwake kunja kwa nsaluyo limodzi ndi Mwisraele uja, sangamve kulemera kwa mawu a Ahebri 10:19 akuti tsopano tili nako kulimba mtima kolowa m'malo opatulika ndi magazi a Yesu.

Pa za mlaliki uja, ine ndikuona kuti pafunika kusamala. Pamene Chipangano Chatsopano chamasulira chokha, monga ponena kuti nsalu yotchinga ndi thupi la Khristu, tiyenera kulandira ndi manja awiri. Koma kunena kuti chikhomo chilichonse kapena ulusi wobiriwira ukuimira chakutichakuti, ndi maganizo a mlalikiyo, amene mwina angalimbikitse mtima koma sangasanduke chiphunzitso chomangira mpingo. Ngakhale mlembi wa Ahebri, atatchula ziwiya za m'chihema, anati pa 9:5 sangathe kuzifotokoza chimodzichimodzi, nkufulumira kunena za mkulu wa ansembe ndi magazi.

Ngati miyeso ikukutopetsani, yambani mwawerenga Levitiko 16 pamodzi ndi Ahebri 9 ndi 10 pa nthawi imodzi, kenaka mubwerere ku Eksodo mutadziwa kale chimene chinkachitika kuseri kwa nsaluyo.