Aonetseni kaye chiphaso cha MERA

Mayi, anthu amene akukulonjezani kuti akuikirani sola n'kukuchepetserani mayunitsi ndi thekawo musawapatse ngakhale tambala musanaone chiphaso chawo cha MERA, bungwe la boma loyang'anira za magetsi ndi mafuta, chifukwa ife kuno ku Kasungu tinatsala pang'ono kutaya nyumba. Anthu otere anabwera kwathu m'chaka cha 2022, magetsi akuthimathima namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo anatitsimikizira kuti mapanelo awiri, batire imodzi ndi inveta (chosinthira magetsi a batire kukhala a m'nyumba) zikwanira furiji, wailesi ya kanema ndi magetsi a nyumba yonse.

Usiku wina mu Okutobala, kukutentha koti tulo sitibwera, ndinamva fungo la pulasitiki wopsa. Nditayatsa tochi ndinapeza waya wochokera ku batire utasungunuka n'kumatirira kukhoma, batire itafufuma m'mbali, utsi ukukwera kulowa m'siling'i pamwamba penipeni pa chipinda cha ana. Ndinawakokera panja ali m'tulo, wamng'ono akutsokomola, pamene bambo a kunyumba ankamasula wayawo ndi pulayala atakulunga nsalu kumanja. Katswiri amene tinamuitana m'mawa mwake anationetsa kuti waya unali wopyapyala kwambiri, panalibe fyuzi pakati pa batire ndi inveta, ndipo batireyo inali ya galimoto yakale imene anaimata chipepala chatsopano. Anthu opanda chisoni amenewo anadya tiyi pakhonde pathu akudziwa bwino lomwe zimene atiikira! Foni sanayankhenso, ndipo titapita ku ofesi yawo ya pa boma tinapeza mukugulitsidwa kaunjika.

Zambiri zochepetsa mayunitsi sizifuna kampani ayi. Babu la LED la mawati 9 limawala pafupifupi ngati lakale la mawati 60, ndipo giza wotenthetsa madzi, amene amakoka mawati 2,000 mpaka 3,000, ndiye amamaliza mayunitsi mukamusiya woyaka tsiku lonse.

Komabe solayo ikani ndithu, dzuwa la kuno likungopita pachabe, ndipo ife tinaikanso ina imene ikugwira bwino mpaka lero. Lipirani theka lokha poyamba, muuzeni woyikayo alembe kukula kwa batire ndi waya papepala limene asainire, ndipo mupite nokha kukaona nyumba ina imene anagwirako ntchito chaka chatha.