Komiti yati laibulale "ikhale pa intaneti": muyambire pati?

Pa makalata amene ndalandira pa imelo sabata ino pali ina yochokera kwa mayi amene amayang'anira laibulale ya m'dera kuno ku Mzuzu. Ali okha pantchito, kompyuta ndi imodzi, mabuku angopitirira pang'ono 3,000. Komiti yawauza kuti atsegule Facebook, TikTok, X, Instagram komanso webusaiti, ndipo akufunsa kuti ayambire pati.

Mayi, musatsegule zonsezo. Amene amalamula zotere pamsonkhano sadzakhalapo Lachiwiri masana pamene ana a sukulu adzaza pakauntala, foni ikulira, wina akufunsa pa Facebook ngati muli ndi buku la Biology la Fomu 3. Akaunti iliyonse imene mwatsegula imafuna munthu woiyankha, ndipo tsamba limene linalembedwa komaliza miyezi isanu ndi itatu yapitayo limapangitsa anthu kuganiza kuti laibulale inatsekedwa. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Chimene chimandinyansa pa nkhani ya zida za pa intaneti n'chakuti amene amaziphunzitsa m'maworkshop satchula za imfa yake. Panali nthawi imene woyang'anira laibulale aliyense ankauzidwa kuti azitsata nkhani pa Google Reader ndi kusunga malinki ake pa Delicious. Google Reader inatsekedwa mu 2013. Delicious inagulitsidwa kangapo mpaka inazilala. Google+ inatsekedwa mu 2019, ndipo Twitter inasintha mwini, kenako mu 2023 inasintha ndi dzina lomwe kukhala X. Amene anaunjika ntchito yawo m'menemo osasunga kope kwina anayambiranso. Ndiye chida chilichonse chimene wina akukuonetsani, funso loyamba likhale ili: kodi zimene ndalowetsamo ndingathe kuzitulutsa zonse mu fayilo imodzi ya CSV (yotseguka mu Excel) kapena PDF, n'kuziika pa fulashi? Ngati palibe batani lotero, muzigwiritsa ntchito chidacho polengeza zinthu basi. Musasungiremo kanthu.

N'chifukwa chake ndikukubwezani kaye ku chinthu chimene komiti sinatchule n'komwe, kaundula wa mabuku. Funso limene anthu adzakufunsani kwambiri pa foni ndi lakuti buku lakutilakuti lilipo, ndipo ngati yankho lake limafuna kuti mudzuke kukasakasaka pashelefu, intaneti sikuthandizani. Tsegulani Excel, LibreOffice Calc kapena Google Sheets, muike madanga awa: nambala imene buku linalowera mu laibulale, wolemba, mutu, wosindikiza, chaka, ISBN (nambala ya buku imene imakhala kuchikuto), nambala ya Dewey (yosanjira mabuku potengera nkhani yake), ndi shelefu. Kope lililonse likhale ndi mzere wakewake, ngakhale muli ndi makope 20 a buku limodzi, chifukwa chimene chimabwerekedwa ndi kusowa ndi kope, osati mutu. Musanalembe ISBN ngakhale imodzi, sinthani danga lonselo likhale Text. Mukapanda kutero Excel imatenga manambala 13 aja ngati masamu n'kuwaonetsa ngati 9.78E+12, ndipo mukasunga choncho mu CSV manambala enawo apita. ISBN zakale za manambala 10 zoyamba ndi 0 zimataya ziro woyambayo. Dzina la wolemba lilembedwe mofanana paliponse, la makolo patsogolo, apo ayi munthu mmodzi adzaoneka ngati anthu atatu. Mukamalowetsa mabuku 40 patsiku, 3,000 atha m'masiku ogwira ntchito 75. Ndi ntchito yotopetsa, koma ndi yokhayo pa zonsezi imene siidzafa kampani ina ikatseka.

Wina akuuzani kuti Koha, pulogalamu yoyendetsera laibulale, ndi yabwino, ndipo sakunama. Koha inayambira ku New Zealand cha m'ma 1999, ndi yaulere, imagwiritsa ntchito MARC 21 (kalembedwe ka kaundula kamene malaibulale amagwirizana), imasunga amene abwereka ndi tsiku lobweza, ndipo imatha kukoka zambiri za buku kuchokera ku Library of Congress, laibulale yaikulu ya ku America, kudzera pa intaneti. Koma imafuna kompyuta ya Debian kapena Ubuntu (mitundu ya Linux, osati Windows) yoyaka nthawi zonse, munthu wodziwa Linux woti mumuyimbire ikavuta, ndi UPS (batire la kompyuta), chifukwa magetsi akathima mwadzidzidzi database (mosungira kaundulayo) ikulemba imatha kuonongeka. Komanso kukoka kuja kumathandiza kwambiri pa mabuku akunja. Athu a kuno, amene ISBN yake ili ndi 99908 kapena 99960 pambuyo pa 978, ambiri simuwapezamo, mudzalemba pamanja ndithu. Ndi kompyuta imodzi ine ndikuti dikirani. Kaundula wanu akalembedwa bwino, pulogalamu ya MarcEdit idzamusandutsa MARC tsiku limene mudzasamukire ku Koha, popanda kulembanso. Ndipo mwayi muli nawo wokhala mumzinda umene Mzuzu University (Mzuni) imaphunzitsa za laibulale ku Luwinga. Lemberani kalata ku dipatimentiyo kupempha ophunzira ofuna malo ophunzirira ntchito, mulowenso mu Malawi Library Association.

Kutchula Mzuni kwandikumbutsa moto wa mu Disembala 2015 umene unapsereza laibulale ya yunivesiteyo ndi mabuku ake masauzande ambiri. Aliyense wa ntchito yathu ku Mpoto kuno akuukumbukira. Kope la kaundula limene lili m'nyumba imodzimodzi ndi mabukuwo lidzapsera limodzi nawo. Mukhale ndi makope atatu: pa kompyuta, pa fulashi imene imagona kunyumba ina, ndi pa Google Drive, imene imapereka 15 GB yaulere. Lachisanu lililonse musanatseke, sungani ndi dzina lokhala ndi deti, osati kufufuta lakale. Fulashi imeneyo isalowe mu kompyuta ya wina aliyense. Vairasi ija yosandutsa mafoda kukhala mashotikati imayenda ndi mafulashi a m'malo osindikizira mapepala. Kamodzi pamwezi tsegulani kope la pa fulashilo muone ngati likutseguka. Ambiri amazindikira kuti fayilo inafa tsiku limene akuifuna.

Tsopano maakaunti. Apa ndipamene malaibulale ang'onoang'ono amaluzira kwambiri, ndipo sindikunyengererani. Mnyamata wodzipereka amatsegula tsamba ndi imelo yake komanso nambala yake, chaka chamawa wapeza ntchito ku Lilongwe, tsamba lapita naye. Gulani SIM khadi ya TNM kapena Airtel ya laibulale yokha. Popeza SIM imalembetsedwa, funsani ku ofesi yawo za kulembetsa m'dzina la bungwe. Zikakanika, komiti ilembe m'maminitsi kuti nambalayo ili m'dzina la ndani komanso kuti ndi ya laibulale. Muziiikamo mayunitsi ndi kuyimbira mwezi uliwonse, chifukwa nambala yongokhala imatsekedwa n'kupatsidwa munthu wina, ndipo iyeyo ndiye azilandira makodi olowera m'maakaunti anu. Ndi nambala imeneyo tsegulani Gmail ya laibulale, ndipo china chilichonse chitsegulidwe ndi imelo imeneyo. Mapasiwedi alembedwe papepala, aikidwe mu envelopu yomata kwa wapampando. Akaunti ya Google yosagwiritsidwa ntchito zaka ziwiri imatha kufufutidwa, ya WhatsApp pakatha masiku pafupifupi 120.

Owerenga anu a ku Chibavi, Zolozolo ndi Mchengautuwa ali pa WhatsApp, chifukwa bandulo yake ndiyo anthu amakwanitsa. Ikani WhatsApp Business, osati wamba. Ndi yaulere, ili ndi malo olembapo maola otsegulira, uthenga wodziyankha wokha mukaweruka, ndi mayankho okonzeratu a mafunso obwerezabwereza monga ndalama ya umembala. Yatsani two-step verification, muike PIN ya manambala 6. Akuba amatumiza uthenga woti "ndakutumizirani kodi molakwitsa, ndibwezereni", ndipo mukangoipereka akaunti yapita, ayamba kupempha ndalama kwa owerenga anu m'dzina la laibulale. Mutha kulumikiza WhatsApp ku kompyuta ija kuti muzilemba pa kiyibodi, koma foni ikakhala masiku 14 osatsegula WhatsApp, kompyutayo imatulutsidwa.

Pali njira zitatu zofikira anthu ambiri ndipo sizifanana. Gulu limalola anthu 1,024, koma aliyense amaona nambala ya mnzake, ndipo ngati muli atsikana a sekondale pamodzi ndi abambo osawadziwa, mukudziwa chimene chitsatire. Broadcast imafikira anthu 256, ndipo okhawo amene anasunga nambala yanu mu foni mwawo ndiwo amalandira. Ichi n'chimene chimapangitsa ambiri kudandaula kuti uthenga sukufika. Channel, imene inabwera mu 2023, imabisa manambala a otsatira ndipo mumalemba ndinu nokha. Ya zolengeza sankhani Channel. Gulu likhale la anthu odziwana okha, monga kalabu yowerenga, ndipo muike kuti olemba ndi maadimini kupatula ola la zokambirana, apo ayi lidzadzaza ndi mauthenga a m'mawa, malonda a kaunjika ndi ndale.

Ndipo chonde laibulale isakhale yofalitsa mabuku ojambulidwa ndi foni. Ndikudziwa kuti mabuku a silabasi ndi odula, ndikudziwanso kuti ma PDF ake akuyenda kale m'magulu a ana a Fomu 4. Koma dziko lino lili ndi Copyright Act ya 2016, COSOMA, bungwe loteteza ntchito za olemba ndi aluso, ilipo, ndipo olemba ndi osindikiza athu ndi ochepa kale. Mwana akatumizira mnzake ndi nkhani ina. Nambala yolembedwa dzina la laibulale ikatumiza, komiti yanu ndiyo idzayankhe. Zaulere zovomerezeka zilipo zambiri. African Storybook ili ndi nthano za ana m'zilankhulo za mu Africa, Chichewa chili momwemo, ndipo chilolezo chake cha Creative Commons chimalola kusindikiza ngakhale kumasulira. OpenStax ili ndi mabuku a sayansi ndi masamu a pa koleji, Project Gutenberg ili ndi mabuku akale a Chingerezi. Kwa anamwino ndi ophunzira a m'makoleji, aonetseni kopeza zolemba za kafukufuku monga DOAJ, African Journals Online ndi Malawi Medical Journal. Research4Life, nkhokwe ina ya zolemba za kafukufuku imene ili ndi Hinari ya zaumoyo ndi AGORA ya zaulimi, ndi yaulere kwa mabungwe oyenerera a m'Malawi monga mayunivesite, makoleji ndi zipatala zophunzitsira, koma pasiwedi yake ndi ya bungwelo. Wina akakubwerekani musaiike pa gulu, mungatseketse bungwe lonse.

Za Facebook

Tsegulani Page, osati akaunti ya munthu yotchedwa dzina la laibulale. Zoterozo Facebook imazitseka ikazindikira. Page imayendetsedwa kudzera mu akaunti za anthu enieni, ndiye anthu awiri akhale ndi ulamuliro wonse, inu ndi mmodzi wa komiti. Kulemba kawiri pasabata n'kokwanira. Zimene zimayenda ndi chithunzi cha zikuto za mabuku atsopano, kusintha kwa maola, ndi chenjezo loti malo owerengera adzaza nyengo ya mayeso a MANEB. Mawu ofunika alembedwe ngati mawu, osati mkati mwa chithunzi mokha, chifukwa wa bandulo yochepa zithunzi sizimutsegukira. Lembani m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Kuno ndi ku Mzuzu. Google Translate ili ndi zilankhulo zonse ziwiri, koma musatulutse chimene yamasulira munthu wolankhula chilankhulocho asanawerenge.

Nkhope za ana musaziike popanda chilolezo cholembedwa cha makolo; jambulani kumbuyo kapena manja ali pabuku. Mayina a amene sanabweze mabuku asatuluke pa tsamba ngakhale mwakwiya bwanji. Chimene munthu amawerenga ndi chinsinsi chake, ndipo kuyambira 2024 tili ndi Data Protection Act. Wochedwa kubweza mulembereni payekha.

TikTok ndi Instagram zimafuna mavidiyo ndi zithunzi zatsopano nthawi zonse, ndipo vidiyo imadya bandulo yanu ndi ya woonera. X ili ndi atolankhani ndi andale ambiri kuposa owerenga anu. Webusaiti imafuna ndalama ya dzina lake chaka chilichonse, ndipo ikaiwalika dzinalo amagula ena. M'malo mwake lembetsani laibulale pa Google Maps kudzera pa Google Business Profile, muike maola, nambala ndi chithunzi cha khomo kuti wa kabaza asasochere.

Chida chimene ndingakonde kuti muononge nacho Loweruka limodzi ndi Kiwix, chifukwa sichifuna intaneti mukachiika. Chimasunga Wikipedia yonse mu fayilo ya ZIM. Ya Chingerezi yokhala ndi zithunzi ndi pafupifupi 100 GB, ndiye musayese pa bandulo. Pitani ndi hard drive kumene kuli intaneti yamphamvu, kapena tengani tizigawo ting'onoting'ono ta zaumoyo, masamu ndi sayansi, komanso Wikipedia ya Chichewa ndi ya Chitumbuka zimene ndi zopepuka. Mukalumikiza kompyuta ku rauta wamba (kabokosi kopereka Wi-Fi), ngakhale yopanda SIM, n'kuyatsa seva ya Kiwix, aliyense wokhala m'chipindamo amawerenga pa foni yake kudzera pa Wi-Fi. Chimene chimavuta kawirikawiri ndi firewall (chitetezo) ya Windows imene imatsekereza mafoni, komanso adilesi ya kompyuta imene imasintha rauta ikazima n'kuyakanso. Ikhazikitseni adilesiyo mu rauta kuti isasinthe, muilembe pakhoma. Pulogalamu ina, Kolibri, imagwira ntchito mofananamo pa maphunziro a mavidiyo.

Ku komiti mupite ndi ndondomeko iyi: mwezi woyamba SIM, imelo, WhatsApp Business ndi Google Maps, kaundula ayambe tsiku lomwelo, mabuku 40 patsiku, Facebook mwezi wachiwiri, Kiwix mukapeza rauta. Pempheni bajeti ya bandulo ya mwezi ndi mwezi ilembedwe m'maminitsi, isamachoke m'thumba mwanu. Mu buku la alendo onjezani danga lofunsa kuti "mwamva kuti za ife?", ndipo pakatha miyezi itatu muwerenge mayankhowo pamsonkhano musanavomere kutsegula china chilichonse.