Bwanji mayi wamasiye wa mu My Reputation sakwera sitima?

Mayi wina watilembera imelo ataonera filimu yakale ya ku America yotchedwa My Reputation. Akufunsa ziwiri. Choyamba, bwanji Jessica, mayi wamasiye wa mufilimuyo, atapirira miseche yonse ija, akutsala pa siteshoni m'malo motsagana ndi msilikali amene wamukonda? Chachiwiri, akufuna kuonetsa filimuyi kwa amayi anzawo pa TV, koma anthu akuoneka onenepa modabwitsa ndipo mawu sakumveka bwino.

Mayi, tiyambe ndi za sitimazo, chifukwa yankho lake layala mufilimu yonse.

Filimuyi ndi ya kampani ya Warner Bros., wotsogolera anali Curtis Bernhardt, ndipo inachokera m'buku la Clare Jaynes lotchedwa Instruct My Sorrows. Anaijambula nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili mkati, kumapeto kwa 1943 mpaka kumayambiriro kwa 1944, koma inafika m'nyumba zoonetsera kanema mu 1946. N'chifukwa chake mukuona anthu akukamba za nkhondo ngati ikadali pakhomo, pomwe chaka cholembedwa pa filimuyo n'cha nkhondo itatha. Barbara Stanwyck ndiye Jessica Drummond, mayi wa ana aamuna awiri wokhala ku Lake Forest, dera la anthu olemera pafupi ndi Chicago. George Brent ndiye Meja Scott Landis.

Munthu atha kuganiza kuti mwamuna wa Jessica anafera kunkhondo. Ayi, anamwalira ndi matenda atadwala nthawi yaitali. Izi n'zofunika, chifukwa mkazi wa msilikali wofera dziko akanamumvera chisoni aliyense. Jessica alibe chishango chimenecho. Nkhondo ikulowa m'nkhaniyi kudzera mwa Scott: munthu amene atha kuitanidwa tsiku lililonse, ndiye chibwenzi chawo chilibe nthawi yodikira kuti anthu aiwale maliro.

Mukaoneranso, musathamangire kwa Scott. Werengani anthu amene akufuna kulamulira moyo wa Jessica iye asanatulukire n'komwe. Alipo mayi ake omubereka, amene avala zakuda zaka zambirimbiri chimwalirire amuna awo, ndipo akufuna kuti mwana wawo achite chimodzimodzi. Jessica akukana. Alipo mwamuna wa mnzake, amene akuona ngati mkazi wamasiye ndi wa aliyense n'kuyamba kumuvuta. Aliponso mnzawo wa pabanja, wofatsa bwino, amene anthu angakondwe atamukwatira chifukwa sizingasokoneze kanthu. Kenako ana akupita kusukulu yogonera komweko, nyumba yaikulu ija n'kutsala zii. Apa ndi pamene James Wong Howe, amene anagwira kamera, anaonetsa luso: nyumba yokongola ikusanduka ya mithunzi yokhayokha, Jessica akuoneka wochepa pakati pa mipando yake yomwe. Ndiye mnzake Ginna akamutengera kutchuthi ku Lake Tahoe, kumene akukumana ndi Scott pa chipale chofewa, woonera amakhala atamvetsa kale chimene mayiyu akuthawa.

Kunena mosabisa, Scott payekha si munthu wokoka mtima kwenikweni, ndipo poyamba safuna n'komwe za ukwati. Filimu yonse yasenzedwa ndi Stanwyck.

Tsono sitima ija. Miseche ikufika m'makutu mwa anyamata aja ali patchuthi cha Khirisimasi, ndipo atamva kuti mayi awo akufuna kupita ndi Scott ku New York, akuthawira kwa agogo awo. Jessica anatha kulimbana ndi mayi ake komanso anzake, koma ana amene angotaya kumene bambo awo sangawasiye. Akuthamangira kusiteshoni kukamuuza Scott kuti satsagana naye, ndipo Scott akumupempha kuti amudikire. Palinso chifukwa china cha kunja kwa nkhani. Kuyambira 1934, mafilimu a ku Hollywood ankayendera malamulo okhwima a Production Code, oyang'aniridwa ndi ofesi ya Joseph Breen. Kuonetsa mayi akusiya ana n'kukakhala ndi mwamuna osakwatirana, zinthu n'kumuyendera bwino, kukanakhala kovuta kudutsa pamenepo. Olemba anapeza njira yapakati: Jessica sanalape chilichonse, sanavale zakuda, sanamusiye Scott, koma sanakwere.

Tibwere ku TV yanu. Filimuyi inajambulidwa m'chithunzi cha 1.37:1, pafupifupi 4:3, pomwe ma TV a masiku ano ndi a 16:9. TV ikakoka chithunzi kuti chidzaze sikirini, nkhope zimafufuma. Lowani pa Picture Size kapena Aspect Ratio, musankhe 4:3 kapena Original. Mizere yakuda kumanzere ndi kumanja ndi yoyenera kukhalapo. Musasankhe Zoom, idula mitu ya anthu. Chotsaninso Vivid kapena Dynamic n'kuika Movie kapena Cinema, ndipo muzimitse magetsi a m'chipindamo, apo ayi mithunzi ija ingooneka ngati utsi.

Mawu ake ndi a mono, otuluka njira imodzi. Mukayatsa Surround, TV imawamwaza, zolankhula n'kumira pansi pa nyimbo za Max Steiner. Ikani Standard kapena Clear Voice, muchepetse bass. Ngati kope lanu lili ndi mawu olembedwa pansi, ayatseni, makamaka chifukwa cha Eve Arden amene akusewera Ginna: amalankhula mofulumira ndipo nthabwala zake zimadutsa msanga. Mawu olembedwawo akamatsogola kapena kutsalira pa kompyuta, mu pulogalamu yoonetsera mafilimu ya VLC dinani G kapena H mpaka agwirizane ndi milomo.

Filimuyi ndi ya mphindi 94, choncho gulu lipatule maola awiri. Imitsani kamodzi kokha, Jessica asananyamuke kupita ku Lake Tahoe, mufunse amayiwo kuti mwa anthu omuzungulira aja ndani akumufunira zabwino. Musawauze mathero. Nkhani ya zovala zakuda ndi nthawi yoyenera kudikira munthu asanakwatiwenso idzabuka yokha, ndiye sungani mphindi 20 zomaliza za zimenezo.