Mwana akuika QI pa Scrabble koma sadziwa tanthauzo lake: timuletse?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a kusekondale amene ayambitsa kalabu ya Scrabble, masewera opanga mawu poyala zilembo pabolodi, pasukulu pawo. Akuti mnyamata wina wa Fomu 3 anapeza mndandanda wa mawu pa intaneti n'kuuloweza, ndipo pano akumaika mawu ngati QI, ZA ndi XU n'kumagonjetsa anzake onse, koma ukamufunsa tanthauzo amangoti kukamwa yasa. Funso lawo ndi lakuti kodi mawu amenewa ndi Chingerezi chenicheni, nanga ana azingoloweza mawu kapena aziphunziranso matanthauzo.

Aphunzitsi, zikomo kwambiri polemba. Mnyamatayo sakubera ayi, musamuletse. Mawu onse atatuwo ali m'buku lotchedwa Collins Scrabble Words, limene limagwiritsidwa ntchito pa mipikisano ya Chingerezi m'mayiko ambiri kunja kwa United States ndi Canada. QI ndi mawu ochokera ku China otanthauza mphamvu ya moyo, ZA ndi chidule cha pizza, XU ndi kandalama kakang'ono ka ku Vietnam. Chingerezi chimatola mawu paliponse pamene chadutsa, ndipo ngakhale kwathu kuno chinatolako: KWACHA, TAMBALA ndi NGWEE amaloledwa pa Scrabble. Auzeni ana zimenezi muone mmene nkhope zawo ziwalire.

Timawu ta zilembo ziwiri n'tofunika chifukwa cha mmene masewerawa anapangidwira. Alfred Butts wa ku America atawakonza m'zaka za m'ma 1930, anawerenga kuti chilembo chilichonse chimapezeka kangati m'nyuzipepala, n'chifukwa chake pa timatailosi 100 ta zilembo timene amasewerera pali ma E 12 a pointi imodzi imodzi, pamene Q ndi Z ndi chimodzi chimodzi ndipo chilichonse chili ndi mapointi 10. Q ikakukakamira m'manja ulibe U, QI ndiye chipulumutso. Ukaiika pamalo ochulukitsa chilembo katatu, n'kuwerengedwa chopingasa ndi chotsika, timawu tiwiri tokha timakupatsa mapointi oposa 60. Mawu a zilembo ziwiriwa ndi ongopitirira pang'ono 120, mwana wakhama amawamaliza m'masabata awiri.

Ndiye n'zoona kuti munthu angathe kupambana Scrabble osadziwa tanthauzo. Nigel Richards wa ku New Zealand anatenga chikho cha dziko lonse cha Scrabble ya Chifalansa mu 2015 asakulankhula Chifalansa, anangoloweza dikishonale. Koma inu simukuphunzitsa ana kuti adzakhale Nigel Richards. Ana anuwo akuyembekezera MSCE, ndipo mawu opanda tanthauzo sangawathandize pa chimangirizo.

Komanso ngakhale pa bolodi pomwepo, tanthauzo limagwira ntchito. Ine zinandionekera. Tsiku lina ndikusewera ndi mnzanga pakhonde, panali JO pabolodi, ine ndili ndi zilembo zopanga RETAINS. Kumaliza zilembo zonse zisanu ndi ziwiri ndi mapointi 50 owonjezera, mtima unali dyokodyoko. Ndinalumikiza S wanga ku JO kuti akhale JOS. Mnzangayo anatsutsa, tinayang'ana m'buku, mawuwo mulibe. Ndinachotsa zilembo zanga zonse, ulendo wanga n'kupita padera. JO ndi mawu a ku Scotland otanthauza wokondedwa, ndipo akachuluka amati JOES. Ndikanawaphunzira ngati mawu enieni, okhala ndi kwawo ndiponso khalidwe lawo, sindikanagwa m'mbuna imeneyo. Ukadziwa kuti mawu awa ndi dzina, awa ndi mneni, umadziwanso ngati angalandire S, ED kapena ING. QI amalandira S, XU salandira. Woloweza chabe amasokoneza zimenezi.

Pali vuto lina limene ndi lathulathu, ndipo ndikupemphani mulisamale kwambiri. M'Chichewa, L ndi R sizisintha tanthauzo, kaya unene "bwela" kaya "bwera" aliyense akumva. M'Chingerezi PLAY ndi PRAY ndi zinthu ziwiri, chimodzimodzinso LIGHT ndi RIGHT, COLLECT ndi CORRECT, GLASS ndi GRASS. Mwana amene khutu lake silisiyanitsa mawuwa chimamuwombola ndi tanthauzo basi. Scrabble ndi malo abwino ochizira matenda amenewa chifukwa mwanayo amachita kugwira chilembocho ndi zala zake, n'kusankha yekha pakati pa L ndi R, ndipo akalakwa amaluza mapointi anzake akuona. Saiwalanso.

Mukafuna kuti matanthauzo alowe bwino, muziwapatsanso ma crossword, masewera odzaza mawu m'timabokosi poyankha mafunso. Kumeneko kuloweza sikuthandiza chifukwa funso lenilenilo ndi tanthauzo, ndipo opanga mafunsowo amakonda mawu a nkhope ziwiri. BANK ndi kosungira ndalama komanso gombe la mtsinje, BARK ndi khungwa komanso kuuwa kwa galu. M'ma crossword ovuta a ku Britain, akalemba "flower" nthawi zina satanthauza duwa koma chinthu choyenda ngati madzi (poti "flow" ndi kuyenda kwa madzi), ndiye kuti mtsinje. Ana athu zimenezi si zachilendo kwa iwo. Anakula ndi zilapi, ndipo amadziwa kuti "mtengo" ndi wa m'nkhalango komanso wa pamsika. Ingowakumbutsani kuti Chingerezi nachonso chimasewera choncho. Wordle, gemu ya pa intaneti yolosera mawu imene Josh Wardle anaitulutsa mu 2021, ndi yabwino pa kalembedwe ka mawu a zilembo zisanu, koma siifunsa tanthauzo, choncho musaidalire pa zimenezi.

Ndikanakhala inu ndikanaika lamulo limodzi lokha m'kalabumo. Masewera azitsata malamulo a mpikisano, mawu ovomerezeka akhale ovomerezeka, koma akatha, aliyense asankhe mawu atatu amene anaika, awayang'ane m'dikishonale, awalembe m'kope lake pamodzi ndi chiganizo. Mnyamata wa QI uja mumupatse udindo wosunga kope la kalabu yonse, poti khama ali nalo kale. Mumuuzenso za Wellington Jighere wa ku Nigeria, amene mu 2015 ku Perth, Australia, anakhala munthu woyamba wa mu Africa kutenga chikho cha dziko lonse cha Scrabble ya Chingerezi.

Mudzandilemberenso teremu ikamatha, ndikufunitsitsa kumva kuti kopelo lafika mawu angati.