Za penti ya kasitima kaja, mphwanga

Moni nonse pagulu pano. Amayi ndi azakhali mundikhululukire, uthengawu utalikirapo, amene sizikukukhudzani mungodumpha. Ndikuyankha mphwanga amene anafunsa usiku uja.

Iwe, funso lako ndalimva ndipo zithunzi ndaziona. Ukuti wapanga kasitima kotengera Ilala, kotalika masentimita 52, ukufuna kukapopera ndi airbrush, kachipangizo kopopera penti ndi mpweya, koma penti ya Vallejo utaithira sipiriti yagwirana ngati chambiko. Utayesa ina ndi madzi, airbrush ikungolavula, ndipo pamene penti yagwera pakukhakhala ngati sandipepa. Eya. Muyeso wa kasitimako wauganiza bwino, Ilala yeniyeni ija ya ku Monkey Bay ndi mamita pafupifupi 52, ndiye kako kali pa 1:100. Pa kanthu kakang'ono chonchi penti ikanenepa imakwirira mawindo ndi tizitsulo ta m'mbali, kasitima n'kuoneka ngati kaviikidwa m'phala.

Tiyambire pa chambiko chija. Penti zolembedwa kuti acrylic si za banja limodzi. Pali zamadzi zenizeni, monga Vallejo, Citadel ndi Army Painter. Ndiye pali za Tamiya, zija za m'timabotolo ta galasi ta 10 ml zolembedwa X kapena XF, zomwe mkati mwake muli kale alcohol, ukatsegula umachita kumva fungo. Za Tamiya zimagwirizana ndi thinazi wake wotchedwa X-20A, komanso isopropyl alcohol. Koma Vallejo ukaithira alcohol wambiri, monga wa mu sipiriti uja, guluu wa m'pentimo amagwirana n'kukhala zonandananda, ndipo sizibwereranso. Imene wasakaniza kaleyo taya, usaumirire.

Sipiriti ya papo ija ya m'golosale isiye, ili ndi utoto wake, penti yoyera imasintha nayo. Thinazi wa ku hadiweya, uja wa penti ya galimoto, ndiye usayandikize n'komwe. Amaumbitsa penti yamadzi, ndipo akagwera pa pulasitiki ya tizidole totere amaisungunula, pamwamba n'kuchita makwinya.

Nanga Vallejo usungunule ndi chiyani? Chabwino kwambiri ndi thinazi wake wa kampani yomweyo, wolembedwa Airbrush Thinner. Ngati sunamupeze, madzi agwira ntchito, koma osati a pamjigo. Madzi a m'mijigo ina kunyanja kuno ali ndi kamchere, ndi aja amasiya zoyerayera mu ketulo, ndipo zomwezo zimakatsalira pa nozo, kabowo ka kunsonga kwa airbrush kotulukira penti. Gula madzi a batire kogulitsa zipangizo za galimoto, aja olembedwa distilled water. Uwerenge botolo kawiri, chifukwa asidi wa batire amakhala pa shelefu yomweyo ndipo maonekedwe ndi amodzimodzi.

Koma umvetse chifukwa chake madzi okha ali ndi malire. Penti ndi zinthu ziwiri: ufa wa utoto, ndi guluu amene amaumatiza pa chinthucho. Madzi akachuluka guluu amachepa mphamvu, penti ikauma imachoka ukangokhudza ndi chala. Komanso madzi pa pulasitiki safalikira, amaundana timadontho monga amachitira pa tsamba la nthochi. N'chifukwa chake amagulitsa flow improver, ntchito yake ndi kuchititsa kuti penti iyale m'malo moundana, komanso ichedwe pang'ono kuuma pa nsonga ya singano ya mkati mwa airbrush. Dontho limodzi kapena awiri pa madontho 10 a penti, basi.

Tsopano muyeso. Ndikupatsa poyambira, koma usaugwire ngati lamulo, chifukwa mitundu iwiri ya kampani imodzi imasiyana kulimba. Vallejo Model Color, imene uli nayoyo, anaipangira burashi, ndi yolimba. Yamba ndi madontho 10 a penti ndi madontho 10 a thinazi, ndipo nthawi zambiri uwonjezera mpaka 15, mwina 20. Vallejo Model Air, yopangira airbrush, ndiyo anaisungunuliratu, imafuna madontho 2 kapena 3 okha pa 10. Tamiya yamba theka ndi theka. Kajekeseni kopanda singano ka ku famase kamathandiza kuyeza, 1 ml ndi madontho pafupifupi 20.

Chimene chikuuze zoona ndi diso lako. Sakanizira m'kakapu kena, osati mu airbrush. Tenga pang'ono ndi burashi, upake m'mbali mwa kapu, uone mmene ikutsikira. Ikangokhala pompo ngati phala, yalimba. Ikatsika mwaulesi ngati thobwa, sinafike. Ikatsetsereka n'kusiya kachizindikiro kopyapyala ka mtundu wake, monga mkaka umachitira mu tambula, ndi imeneyo. Ikathamanga osasiya kalikonse ngati tiyi wopanda mkaka, wapyola, onjezera penti.

Usanayambe zonsezi khutchumula botolo mokwanira, mphindi yathunthu, chifukwa utoto umakhala pansi. Ndipo ukamathira mu airbrush usefe. Kachidutswa ka sokosi yopyapyala ija ya azimayi kamakwana. Kachikoko kamodzi kouma kochokera pakamwa pa botolo n'kokwanira kutseka nozo ya 0.3 mm.

Pa kompuresa, ika mphamvu ya mpweya pakati pa 15 ndi 20 PSI, yomwe ndi 1 mpaka 1.4 bar ngati geji yako ikuwerenga bar. Uwerenge geji mpweya ukutuluka, chifukwa ukadina kachala ka airbrush, kaja kotulutsira mpweya ndi penti, singano ya geji imatsika. Ndiye usayambire pa sitima. Gula paketi ya masupuni a pulasitiki, uziyesera kumsana kwake. Supuni ikuuza zonse.

Ikamalavula madontho akuluakulu, kapena ikutuluka modukizaduka, penti yalimba kapena mpweya wachepa. Wonjezera thinazi madontho awiri kaye usanakhudze kompuresa. Anthu ambiri amathamangira kukweza mpweya mpaka 35, penti imatulukadi, koma imafika itauma.

Ikamathamanga pa supuni n'kutambasula timiyendo ngati kangaude, ndiye kuti yachuluka madzi, kapena wayandikira kwambiri, kapena wakoka kachala kwambiri pamalo amodzi. Bwerera m'mbuyo pang'ono, dzanja liziyenda.

Kukhakhala kuja tsopano, apa ndi pamene Mangochi akukulowerera. Penti ikachoka pa nozo imakhala nkhungu ya timadontho tating'onoting'ono, ndipo ikufunika kufika pa sitima idakali yonyowa kuti timadonthoto tilumikizane. Kutentha kwa kuno mu Okutobala ndi Novembala, iwe ukukudziwa, m'nyumba ya malata masana kumachita ngati mu uvuni. Timadontho timaumira m'njira n'kugwa ngati fumbi. Ukapitsa chala umamva mchenga. Mankhwala ake ndi awa: yandikira, ukhale pa masentimita 10 mpaka 12 osati 25, tsitsa mpweya ufike cha pa 15, sungunula mowonjezerapo pang'ono kuposa mmene akunenera a pa YouTube aja, chifukwa ambiri a iwo akupopera m'mayiko ozizira. Ndipo popera m'mamawa dzuwa lisanakwere, kapena madzulo kukazizira, fani itazimitsidwa. Usiku pansi pa babu ayi, tizilombo touluka tija tidzakumatirira pa penti yonyowa. Pamene pakhakhala kale, dikira paume tsiku lathunthu, upalepo mopepuka ndi sandipepa wa 1000 kapena 1500 wonyowetsa, upoperenso.

Kutentha komweko kumaumitsa penti pa nsonga ya singano. Ukupopera bwinobwino, mwadzidzidzi yasiya, ukakoka kwambiri n'kukulavulira chidontho pakati pa ntchito. Khala ndi kaburashi kofewa koviika mu thinazi pambali, mphindi ziwiri zilizonse upukute nsongayo mofatsa. Singano ikapindika kunsonga, penti imapita chammbali mpaka utagula ina. Ena amaika retarder kuti penti ichedwe kuuma. Ngati palibe, gilisalini woyera wa ku famase, wopanda fungo ndi utoto, amathandiza, koma wongokhudza ndi nsonga ya kamtengo ka machesi pa kapu yonse. Ukachulutsa, penti imakhala yomata masiku angapo. Wodzola wa azakhali ako uja umusiye.

Zala zizolowere dongosolo ili: dina kuti mpweya uyambe, kenako koka kuti penti ibwere, pomaliza bweza penti kaye, mpweya uthere pambuyo. Ukasiya zonse nthawi imodzi, dontho limatsalira pa singano, ndipo ndi lomwe limayamba kutuluka ukadinanso.

Dzinja likafika vuto limatembenuka. Chinyezi chimaundana m'paipi, airbrush n'kumalavula madzi. Pansi pa geji pamakhala kagalasi kosonkhanitsa madziwo, uzikakhuthula usanayambe. Ngati kompuresa yako ilibe, gula kakang'ono komangirira pansi pa airbrush penipeni.

Ndaona sitima yako ili ndi poyera pambiri. Yoyera ndiyo penti yovuta kuposa zonse, ufa wake ndi wolemera, imatseka nozo msanga koma sikwirira msanga. Usayese kumaliza ulendo umodzi. Tsuka kaye zapulasitiki ndi sopo wa mbale kuchotsa mafuta a m'manja, ziume, upopere pulaima, penti yoyambira yothandiza inayo kugwira, yotuwa mowala kapena yoyera. Mbali zamatabwa uzitseke kaye ndi sanding sealer, mankhwala otseka timabowo ta thabwa, apo ayi thabwa limamwa penti n'kudzutsa ubweya. Kenako yoyerayo ulendo 3 kapena 4 wopyapyala, kudikira mphindi 10 mpaka 15 pakati. Ulendo woyamba udzaoneka wonyansa, wamawangamawanga, mtima udzafuna kuwonjezera pompo. Usatero. Tepi yodulira mzere wa m'madzi uike patapita maola 24, chifukwa acrylic imauma pamwamba msanga koma mkati isanakhwime, tepi imanyamula zonse. Uyambe waimata pa nsalu kamodzi kuti ichepe ukali. Poyembekezera vindikira sitima ndi katoni kapena beseni, fumbi la kuno silipempha.

Za burashi n'zosavuta. Dontho limodzi la madzi pa madontho awiri a penti, pukuta burashi pang'ono pa pepala, paka kawiri kapena katatu, osabwereza pamalo pamene payamba kuuma. Kuti penti isakuumire pa mbale, tenga kakontena ka majarini, ika siponji yonyowa, pamwamba pepala lophikira keke, uzisakanizira pamenepo.

Penti za m'machubu zojambulira zithunzi zimatheka pa burashi, koma pa nozo ya 0.2 kapena 0.3 zikuvutitsa, ufa wake ndi waukulu. Zonyezimira ngati siliva nazonso zimayenda bwino pa 0.4 kapena 0.5.

China, amayi ako amve nawo apa. Kuti penti ndi yamadzi sizikutanthauza kuti ndi yopumira. Nkhungu ija imalowa m'mapapo. Tsegula mawindo, vala masiki yeniyeni ya opopera penti osati yansalu, ndipo ana asakhale pafupi.

Airbrush imene munalowa chambiko ija usaigwiritse ntchito usanaitsuke. Masula kumbuyo, tulutsa singano mosamala, uipukute kuchokera kumbuyo kupita kunsonga. Nozo uiviike yokha mu isopropyl kwa mphindi zingapo, uchotse zotsalira ndi kaburashi kofewa, waya kapena phini ayi, imang'ambika. Airbrush yonse usaiviike, muli timalabala tomwe timafufuma. Pobwezera nozo manga ndi mphamvu ya zala ziwiri zokha, mazinga ake ndi aang'ono, amaduka. Ukamaliza thira madzi m'kapu ya airbrush upopere. Ukaona thovu likubwerera m'kapu, nozo sinakhale bwino kapena idakali yotseka.

Mawa m'mawa popera masupuni atatu, ina madontho 10 a penti pa 10 a thinazi kapena madzi, ina 10 pa 15, ina 10 pa 20, ulembe pa chogwirira chilichonse, unditumizire chithunzi chojambula panja pa khonde. Tisankhira pamenepo. Upereke moni kwa achemwali angawo.